Lenti Yoonera Apongozi Patali

Ndinakwatira mwana wawo ndili mnyamata, ndipo imvi zinandipeza ndisanawayang'anepo apongozi anga kumaso. Apolisi akanandifunsa kuti mayi amenewa amaoneka bwanji, ndikanafotokoza mapazi: zidendene zong'aluka, chala chachikulu chakumanzere chopanda chikhadabo, ndi patapata wobiriwira amene ankamumanga ndi waya akaduka. Mawu awo ndinkawadziwa. Kuyetsemula kwawo kwa fodya wapamphuno ndinkakuzindikira ngakhale pakati pa msika. Koma nkhope ayi.

Kwathu kuno umenewu ndi ulemu. Mkamwini ndi apongozi aakazi sakhalirana pafupi, sadyera pamodzi, ndipo akakumana m'kanjira mmodzi amapatukira kuudzu. Ana a masiku ano ambiri anazitaya zimenezi, ena mpaka amajambulitsa ndi apongozi atagwirana m'mapewa, ine wojambula n'kumachita kuwachitira manyazi. Apongozi anga anali akale. Anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo mtendere utabwera anabwerako ndi ana, mbale, ndi mwambo wawo wonse wosagumuka ngakhale pang'ono. Anamanga kufupi ndi Entre Lagos, akulima nandolo ndi chinangwa, masiku ena n'kumagulitsa nthochi kwa apaulendo pasiteshoni.

Ndikapita kukacheza, malo anga anali pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, iwo pakhonde. Mkazi wanga ndiye ankanyamula mawu. "Uwafunse akamwini ngati ayenda bwino," iwo ankatero mokweza, ine ndikumva ndithu, koma n'kudikira kuti mkazi wanga abwereze. Pakhomo pakasowa munthu, iwo sankasowa wotuma. Ankatuma nkhuku. "Iwe nkhuku, uwauze akamwini kuti madzi osamba ali kuseri." Ine ndinkayankha nkhuku yomweyo kuti ikawauze amayi kuti ndathokoza. Tinagwirizana zinthu zazikulu mwa njira imeneyi, za malata, za sukulu ya mwana, ndipo sitinayambanepo.

Mkazi wanga anamwalira m'dzinja, kuchipatala ku Cuamba. Matenda ake anali achangu, ndipo mvula inali itadula msewu, kotero kuti amayi ake sanathe kufika. Pambali pa bedi panali ine ndekha. Iwo anadzamuona atamusambitsa kale.

Zithunzi zake ndili nazo, pakuti kujambula ndi ntchito yanga yachiwiri. Pakati pa sabata ndine mlangizi wa zaulimi ku Insaca, woyenda pa njinga yamoto kuona minda ndi kuijambula; Loweruka ndimajambula maukwati ndi maubatizo. Koma mkazi wanga ankadana ndi kamera. Zithunzi zambiri zili ndi dzanja kumaso, mano okha akuonekera pakati pa zala. Zimene nkhope ikuoneka bwino ndi za pamene anali mtsikana. Ine chimene ndinkachilakalaka chinali china. Iye ankakonda kundiseka kuti, "Mudzandione nditaguluka mano, mudzathawa inu." Ndinkamuyankha kuti tidzaona wothawa. Nkhalamba imeneyo ndi imene ndinkaifuna, nkhope imene anandilonjeza n'kupita nayo ndisanaione.

Mwana wathu wamkazi sakanandithandiza pamenepa, chifukwa anatengera ine, mphuno yophwatalala ndi zonse, Mulungu amukhululukire. Koma aliyense m'mudzi muja ankanena chimodzimodzi, kuti malemuyo anatengera amayi ake osasiyako kanthu. Ndiye kuti nkhope ya ukalamba wa mkazi wanga inalipo padziko. Inkakhala pakhonde kufupi ndi Entre Lagos, ikununkhiza fodya, ndipo munthu yekhayo woletsedwa kuiyang'ana ndinali ine.

Nyengo yozizira ili kumapeto, alamu anga aamuna anafika ku Insaca pa njinga yakapalasa. Titamwa madzi anandiuza chimene anadzera. Akuluakulu anali atagwirizana kuti nandolo akatha kukololedwa, mvula isanagwe, andisudzule. Kusudzula si chipongwe. Abale a malemu amamuitana mwamuna, kumuthokoza chifukwa chosunga mwana wawo, n'kumuuza kuti wamasuka, akhoza kukakwatira kwina. Ndi chifundo ndithu. Koma kuyambira tsiku limenelo munthu sukhalanso mkamwini, ndiwe mlendo. Wosudzulidwa akamabwerabwera pakhomo anthu amayamba kufunsa kuti akufuna chiyani, mng'ono wa malemu kapena munda. Ndinawathokoza alamu monga mwa mwambo, koma mumtima munali mutachita mdima. Unanditsalira ulendo umodzi wokha wokakhala pansi pa mango uja.

Mwina wina anganene kuti bwanji osangotuma mdzukulu awajambule pa foni. Zinayesedwa. Mayi aja akaona foni amaima njo ngati msilikali, milomo atamanga, maso atatsinzina, n'kufunda kapulana, chitenje chawo, mpaka pamphuno. Chithunzi cha pa chitupa chawo ndinachionapo, koma munthu amene ali pamenepo akhoza kukhala aliyense wokwiya. Ine ndinkafuna kuwaona akugwira ntchito, akulankhula, osadziwa kuti pali diso.

Kamera yanga ndi ya mtundu watsopanowu, wopanda kagalasi kozungulira m'kati. Ndi yopepuka, ndipo ili ndi zinthu ziwiri zimene zinandipatsa maganizo. Ikhoza kujambula mwakachetechete, popanda kulira ngakhale pang'ono. Komanso kawindo kake kakumbuyo kamapendekeka, kotero kuti ukhoza kuiika pamiyendo, kuweramitsa mutu, n'kumaona zimene zili patsogolo pako. Kuweramitsa mutu ndi kumene mkamwini amachita kale. Ndinaona kuti ndikhoza kuwayang'ana apongozi maso anga ali pansi, mwambo osauphwanya, kapena tinene kuti kuuzembera.

Vuto linali diso la kamerayo, limene kuno timalitchula kuti lenti. Ndinali ndi awiri. Yaifupi imene inabwera ndi kamera inkakwana pa maukwati, koma kuchokera pa mango kukafika pakhonde munthu ankaoneka ngati chiswe. Yaitali inali yakale, yolemera ngati mpini wa khasu, ndipo m'dzinja lomwe lija inamera nkhungu m'kati ine ndili kuchipatala, moti chilichonse chinkaoneka ngati uli kuseri kwa utsi. Ndiponso kusinthasintha malenti m'dera lathu ndi kudziputira mavuto. Kamera yopanda kagalasi ukaichotsa lenti, mtima wake umakhala pamtetete. Fumbi la msewu wa ku Amaramba likangolowa kamodzi, chithunzi chilichonse chimatuluka ndi kadontho kumwamba, pamalo amodzimodzi, mpaka mkwatibwi wina anandifunsa ngati ntchentche ija ndimayenda nayo. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza zogula lenti imodzi yochita zonse, yoyambira pafupi kukafika patali, yoti ndiimange pa kamera n'kuiwala. Ndinkangozengereza. Tsopano chifukwa chinapezeka.

Ndinakwera sitima ku Cuamba kupita ku Nampula, kumene mwana wathu akuphunzira za unamwino. Anandiperekeza ku sitolo ina yaing'ono yogulitsa zida zojambulira, zatsopano ndi zogwiritsidwapo kale ntchito. Mwini wake anali bambo wadazi, magalasi atawamangirira chingwe m'khosi, wolankhula Chipwitikizi chothamanga ngati akuthawa galu. Atamva kuti ndimayenda pa njinga yamoto m'fumbi, anandiikira malenti atatu pa tebulo.

Yoyamba inali kakang'ono ngati kabotolo ka mafuta odzola, ya mamilimita 35, yosatalika konse. "Iyi ndiyo ya anthu odziwa, shefi," anatero mwini sitolo, akunditchula bwana m'Chipwitikizi chake. "Imatsegula diso kwambiri, imaona ngakhale m'nyumba ya mdima. Nkhope imatuluka yoyera, kumbuyo konse n'kusungunuka. Koma simungakokere munthu pafupi. Mukafuna nkhope, muyende nokha mukafike pamene ali."

Mwana wanga anaikonda nthawi yomweyo. Anandijambula nayo pomwepo, ndipo ndivomere, ngakhale mphuno yanga inaoneka ngati ya munthu wolemekezeka.

Yachiwiri inkayambira pa 18 kukafika pa 135. Manambala amenewa ndi osavuta: yaing'ono imatenga malo aakulu, munda wonse ndi phiri lomwe, pamene yaikulu imakokera chinthu chakutali pafupi. Mwini sitolo anati imeneyi ndiyo ya munthu wanzeru woyenda maulendo, yopepuka, yakuthwa mokwanira, ndiponso ili ndi kamphira kotchinga fumbi pamene imalumikizana ndi kamera. Yachitatu inkayambira pa 18 yemweyo kukafika pa 300. Inali yonenepa, yolemera, ndipo ukaipotokola inkatuluka n'kumangotalika.

"Iyi imafika kutali," anatero, "koma ndikuuzeni zoona, lenti yochita zonse sichita chilichonse bwino kwenikweni. Ikatalika, kabowo kolowetsa kuwala kamachepa. Padzuwa ilibe vuto. Pamthunzi imavutika, chithunzi chimada kapena chimagwedera. Ili ndi chochepetsa kunjenjemera kwa manja anu, koma singaimitse munthu amene mukumujambulayo."

Ndinazigwira zonse, kuika pansi, kutolanso. Yaing'ono inkandikopa chifukwa cha kuyera kwake, yapakati chifukwa cha msana wanga. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pomaliza ndinapempha kuti ndiziyese pakhomo. Kutsidya kwa msewu kunali mayi wogulitsa mtedza wokazinga, patali pofanana ndi pa mango ndi pakhonde. Ndinakhala pa sitepe, kamera pamiyendo, mutu pansi. Pa 135 ndinaona mayi, beseni ndi theka la khoma. Pa 300 nkhope yake inadzaza kawindo konse, mpaka ndinaona thukuta pamphuno ndi kachipsera pachibwano.

"Mukufuna kujambula mbalame, shefi?" anafunsa mwini sitolo, atadabwa ndi kakhalidwe kanga.

"Apongozi," ndinayankha.

Anaseka mpaka magalasi anagwera pachifuwa, akuganiza kuti ndikunena kuti ndi olusa. Mwana wanga sanaseke. Anandikokera pambali n'kulankhula Chinyanja chakwathu.

"Ababa, kumeneko n'kuba. Bwanji osangowapempha agogo? Mugule yaing'onoyi, mukakhale pafupi, mukatenge fotu yabwino imodzi."

"Pafupi pati? Ine ndikadali mkamwini."

"Nanga si akukusudzulani? Mukangomaliza mwambo muwapemphe."

Ndinalephera kumufotokozera bwino pamenepo, pakati pa anthu ogula mabatire. Tsiku limene ndikanaloledwa kukhala pafupi ndi mayi aja ndi tsiku limene ukwati wanga ukanakhala utatheratu. Bwalo lija la pakati pa mango ndi khonde ndi chokhacho chimene chinatsala cha banja langa. Ndinkafuna kuona nkhope ya mkazi wanga ndikadali mwamuna wake. Ndinangomuuza mwanayo kuti zinazi adzazimva akadzakula, iye n'kundikumbutsa kuti amabaya anthu jekeseni. Ndinagula ya 300.

Pa ntchito lenti ija inandikomera, ndisaname. Pobwerera pa sitima ndinajambula mapiri amiyala aja osachoka pampando, kenako n'kupotokola ndi kutenga manja a mayi wokweza anyezi pawindo. Kuminda sindinkatsegulanso chikwama. Munda wonse wa chimanga chothirira, kenako mbozi pa tsamba limodzi, zonse ndi lenti yomweyo. Panjira ya ku Amaramba ndinakumana ndi anyamata a njinga atasenza madengu a nsomba zouma, ndipo ndinawajambula akadali kutali, fumbi likuwatsata, n'kuwajambulanso akundidutsa akukuwa kuti ndiwalipire. Phewa linkawawa madzulo, ndipo m'mbali mwa zithunzi zina munkaoneka mofewa ukaziyang'anitsitsa, koma ntchentche ija inasowa.

Chovuta chinali kufika kunyumba. Kale ndikabwera kuminda ndinkakhala pa mpando wapakhomo, mkazi wanga akusankha nyemba, n'kumamuonetsa zimene ndajambula. Sankayamikira wamba. "Apa mwamudula munthu miyendo." "Uyu mwamujambula akutafuna, akakuonani akumenyani." Tsopano ndinali ndi zithunzi zabwino koposa zonse zimene ndinajambulapo, ndipo dzanja linkatembenuza lokha kamera kulozetsa kumanzere kumene ankakhala. Ndinkamusowa kwambiri, ndipo lenti yatsopanoyo inangowonjezera zinthu zoti ndimuonetse.

Nandolo anauma, dzuwa linafika poswa mtengo, ndipo uthenga unabwera wakuti mwambo uchitika Loweruka. Ine ndinapita Lachisanu m'mawa. Pakhomo panali zii. Alamu anali atapita kukatenga amalume a malemu kutsidya kwa njanji, azimayi ali kuchitsime ndi kuchigayo kukonzekera alendo. Ndinaimika njinga yamoto, n'kuomba m'manja chapatali.

"Iwe nkhuku," anatero mawu aja kuchokera pakhonde, "uwauze akamwini kuti mpando wawo uli pomwe paja."

Ndinakhala pansi pa mango. Nandolo anali atayanikidwa pamphasa pakati pa bwalo, makoko ake akuthetheka ndi dzuwa. Iwo anali pakhonde, miyendo atatambasula, akusenda chinangwa. Tinapatsana moni kudzera mwa nkhuku, za ulendo, za kutentha, za mwana ku Nampula. Kenako anabwerera ku chinangwa chawo. Ndinatulutsa kamera, kuiika pamiyendo, kupendeketsa kawindo, n'kuweramitsa mutu. Ndinkadzimva ngati ndikuba nkhuku yomwe ija.

Ndinayambira pa 18. Nyumba yonse inalowa, nkhokwe, nandolo, ndi kamunthu kakang'ono mumdima wa khonde. Ndinapotokola pang'onopang'ono. Nkhokwe inatuluka, denga linatuluka, kunatsala mzati ndi iwo. Pamenepo ndinazindikira kulakwitsa kwanga. Mayi wa mtedza uja ku Nampula anali padzuwa. Khonde la apongozi ndi la udzu, lotsika kwambiri moti munthu amalowa chowerama, ndipo masana pansi pake pamakhala mdima wa m'nkhokwe. Zaka zonsezi ndinkayang'ana pansi, ndiye sindinadziwe kuti kumene amakhalako n'kwakuda chotero.

Pa 300 kawindo kanadzaza timadontho ngati mchenga. Kamera inkasakasaka, kugwira mzati, kutaya, kugwira mpeni, kutayanso. Nditakweza mphamvu yake yoonera mumdima, nkhope inatulukira, koma yosakhazikika, chifukwa mutu wawo unkatsatira mpeni. Ndinadina, chithunzi n'kutuluka chopaka. Ndinadinanso, chimodzimodzi. Mpweya wotentha wa pabwalo unkavinitsa chilichonse. Mwini sitolo anali atanena zonsezi momveka bwino, ine n'kumva ndi khutu limodzi.

Kenako chinangwa china chinawavuta, chinali ndi mtsitsi wolimba. Anaima kaye, n'kuluma mlomo wam'munsi chakumbali, nsidze imodzi itakwera. Ndi mmene mkazi wanga ankachitira akamalowetsa ulusi m'singano, kapena akamamvetsera bodza langa. Anali iyeyo, tsaya litalowa m'kati, khungu litakwinyika, mpango utatsetsereka kuonetsa imvi. Ndisanadine, mutu unaweramanso, ndipo kawindo kanabwerera ku mchenga. Ndinakhala ndikudikira kuti chinangwa china chiwavute, ndikupempha mumtima kuti munda wonse ukhale wa mitsitsi.

"Iwe nkhuku," anatero osakweza mutu, "uwafunse akamwini kuti chinthu chawocho chikutalikiranji ngati khosi la kamba."

Ndinali nditaganizira za phokoso, za maso, koma sindinaganize kuti lenti ikamatuluka imaoneka kwa wina aliyense amene ali ndi maso, ndipo mayi aja amawerenga nambala ya sitima ikadali kumlatho.

"Uwauze amayi kuti ndikungoipukuta," ndinaiuza nkhuku.

"Uwauze kuti mdzukulu wanga anaimba telefoni kwa amalume ake. Zonse ndinazimva. Uwafunse ngati akuona bwino."

Mwana wa munthu, unamwino wake wonse, chinsinsi cha bambo ake chinamulemera. Ndinanena zoona. "Uwauze kuti sindikuona. Kwada."

Ndinamva mpeni ukugwera m'beseni. Maso anga anali pa kawindo, ndipo ndinaona mthunzi ukudzuka, kuwerama pansi pa udzu, n'kutulukira padzuwa. Mwadzidzidzi zonse zinayera. Ndinaona maluwa a kapulana, ulusi wake umodziumodzi. Ndinaganiza kuti aima pomwepo kuti ndijambule, koma sanaime. Ankabwera. Kapulana inadzaza kawindo, ndinabweza lenti, inadzazanso, ndinabwezanso, mpaka lenti inalowa yonse n'kugunda pa 18. Analambalala mphasa ya nandolo. Mapazi aja ndinkawadziwa anafika m'mphepete mwa mthunzi wa mango, malire amene sanawadutsepo, n'kuwadutsa.

Ndinadzuka kuti ndithawire kuseri kwa mtengo, mpando n'kugwa.

"Khalani pansi, akamwini."

Sanatume nkhuku. Kanali koyamba kuti mawu awo abwere kwa ine mwachindunji. Ndinakhala pansi penipeni, pafumbi, nkhope nditalozetsa kumbali. Iwo anakhala patsogolo panga, pafupi moti ndinamva fungo la fodya ndi la chinangwa chosenda kumene.

"Amayi," ndinatero, ndikuyang'ana tsinde la mango, "sanandisudzule. Ndi mawa."

"Ndikudziwa kuti ndi mawa. N'chifukwa chake ndabwera lero. Mawa mukhala munthu wamba, ndiye ndikakuyang'aniraninji? Ikani pansi makina anuwo."

Ndinaika kamera pa udzu.

"Inu mukufuna kuona mwana wanga pankhope panga," anapitiriza. "Chabwino. Nanga ine ndikamuone kuti? Mvula inanditsekera njira. Ndinapeza atamutseka kale maso. Ku oshipitali kuja munali nokha, si choncho?"

"Ndinali ndekha."

"Anavutika?"

"Usana wonse anavutika. Chakumadzulo ululu unachepa. Anapempha madzi, anamwa pang'ono."

"Anandiitana?"

Ndikanatha kunama, koma mayi aja si onamizika. "Anafunsa ngati msewu watseguka. Ndinati sunatseguke. Anati musawauze kuti abwere wapansi, mwendo wawo wopweteka uja."

Ndinamva akukoka mpweya.

"Pomaliza penipeni ankayang'ana kuti?"

"Ankayang'ana ine."

"Ndiye tembenukani. Ndione m'maso mmene anayang'anamo."

Khosi linakana. Chinthu chimene wachipewa kuyambira unyamata sichitheka ndi mawu amodzi. Ndinayambira pansi, pa mapazi, kukwera pa mawondo, pa manja oyera ndi chinangwa, pa mkanda wofiira wa m'khosi umene sindinkadziwa kuti amavala. Kenako ndinakweza maso.

Anali ndi nkhope yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Mano akutsogolo anali ataguluka, ndipo milomo inalowa m'kati. Makutu anali a mkazi wanga, chipumi chinali chake, ngakhale kadontho kakuda pansi pa diso lakumanja kanali pamalo pomwepo. Ndinaona mmene makwinya akanadzayendera, kuchokera pamphuno kutsikira kuchibwano, ndi mmene maso akanadzachitira mtambo m'mbali. Nkhalamba yanga inali imeneyi, ndipo sindikanathawa. Ndikanakhala nayo pakhomo mpaka ine n'kugulukanso mano.

Iwo sankayang'ana nkhope yanga. Ankayang'ana m'maso mwenimweni, akusuntha mutu pang'ono uku ndi uku monga amachitira munthu wosuzumira m'chitsime. Sanafulumire. Ine ndinayesetsa kusaphethira, koma chipumi chija ndi kadontho kaja zinayamba kusungunuka, ndipo ndinamva madzi akutsika m'masaya.

Anatenga nsonga ya kapulana yawo n'kundipukuta, diso limodzi kenako linalo, mwamphamvu ngati akupukuta mwana wobwera kosewera.

"Musalire, akamwini," anatero. "Mukumuphimba."